Makina Akula Nacho

Pakhomo la shedi yathu ku Bangwe pali chitsulo cholemera chimene chimagwira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Alendo akafunsa ndimangoti n'chakalekale. Zoona zake n'zakuti m'Bangwe monse mulibe chitseko china chogwiridwa ndi chinthu chodula chotere, ndipo anachigula ndine.

Amuna anga, bambo a Eliza, anatisiya titangovota kumene zipani zambiri zija. Anasiya ana, njinga, ndi makina aang'ono osemera zitsulo. Ankasema tizitsulo ta zigayo, ta mawilibala ndi ta maminibasi. Ine gawo langa linali kumva kulira kwa makinawo ndikuchapa panja.

Maliro atatha ndinasesa m'nyumba monga timachitira, ndipo tsache linakafika mpaka kushedi. Pamakina panali timalata tambirimbiri todula ku zitini za majarini, tina tomangidwa m'timitolo ndi mphira. Ndinati mumtima, koma bambo awa uve analinso nawo. Ndinatikokolola tonse n'kukataya kudzala.

Posakhalitsa kunabwera alamu anga a ku Machinjiri, ang'ono awo a malemu.

"Alamu, makinawa angodyedwa ndi dzimbiri," anatero. "Kuli munthu ku Zingwangwa akuwafuna. Tsiku la sadaka likafika asakugwira ntchito, tigulitse."

Sanali munthu woipa. Ankangoona kuti mkazi ndi makina n'zosayendera limodzi. Koma ine ndinkadziwa kuti zogulitsa zimatha msanga, pamene makina angadyetse ana mpaka kukula.

Ndinakapempha a Matewere, mkulu wopuma ntchito kunjanji amene ankaimba kwaya ndi malemu, kuti azidzasema, tizigawana zopeza. Tsiku loyamba anatenga mpeni wosemera kuti aumange pa chitsulo chake chogwirira (amisiri amati tulupositi, dzina limene lilime langa linakana nthawi yaitali). Kenako anayamba kufunafuna.

"Mayi, timalata take tili kuti?"

"Timalata tanji, bambo?" (Ndinafunsa nkhope ili gwa, ngati njira ya kudzala sindiidziwa.)

Anandifotokozera kuti nsonga ya mpeni iyenera kukhala pakatikati penipeni pa chitsulo chimene makina amachizunguza posema. Ikatsika imakumba, ikakwera imangokhula osadula. Timalatato amatiika pansi pa mpeni kuti ufike pamalo pake, ndipo mpeni uliwonse unali ndi kamtolo kake.

"Tidzadula tina pang'onopang'ono," anatero. "Koma kunjanji tinali ndi chogwirira chamakono. Ungopotoza kachigwiriro, mpeni wachoka, wina walowa, sipanala ayi. Kukweza ndi kutsitsa, kanati kamodzi basi. Malata sichifuna."

Mawu amenewo anandilowa m'mutu osatulukamo. Chitsulo chingagwire chinzake bwanji popanda sipanala? Chimadziwa bwanji kuti pano ndisiye, pano ndigwire? Ndinkafunitsitsa kuchiona ndi maso anga. (Komanso, tisabisane, chinthu chosafuna malata chikanakwirira mlandu wa tsache langa.)

Osauza munthu, ndinapita kumsika wa Ndirande, kumene masiku amenewo kunkatsikira zitsulo za makampani otsekedwa. Nditafunsafunsa, bambo wina anatulutsa zitatu pansi pa benchi: chaching'ono, chapakati ndi chachikulu. Ndinapotoza kachigwiriro, kwa! chamasula. Kubweza, kwa! chagwira. Ndinasuzumira m'kati n'kuona kamphero kakutsika ndi kukwera. Ndinapotozanso. Ndinapotozanso.

"Amayi, mukugula kapena mwabwera kudzacheza nacho?"

"Ndikugula, achimwene."

"Makina anu ndi aakulu bwanji?"

Ndinatambasula manja. "Otere."

"Aliyense amati otere. Mwayeza?"

Kuyeza ndinalibe nako ntchito. Ine ndalera ana, ndipo sindinagulepo nsapato yokwana. Yunifolomu ya Eliza inkasesa pansi ali sitandade wani, n'kudzamukwana ali sitandade folo. Chinthu chokwana lero n'kutaya chabe. Ndinaloza chachikulu chija. Tinagwirizana zosinthana ndi njinga ya malemu, ndipo m'mawa mwake ndinaikankha kukaisiya. Chitsulo ndinachisenza pamutu mpaka pasiteji, pomwe kondakitala atachinyamula anati, "Amayi, ichi chilipira mpando wake. Mwaba injini ya ndani?"

Ndinachibisa kunsi kwa bedi mpaka tsiku la sadaka. Ndinkafuna alamu aone okha kuti mkazi wamasiye wabweretsa zamakono zimene ngakhale achimwene awo analibe. Anthu atadya n'kubalalika, tinalowa m'shedi atatu. A Matewere anali ndi kachitsulo ka chigayo koti aseme. Ine ndinavundukula chitenje ngati mphatso ya paukwati.

A Matewere anavala magalasi. Anawavula. Anawavalanso.

Anachikweza pamakina akubuula. Bawuti yake inakana kulowa pamalo pake. Anati tingochigwira ndi manja tione. Anamangapo mpeni, n'kutsitsa kanati kaja mpaka mapeto, koma mpeni unali m'mwamba, kusuzumira kachitsulo ka chigayo ngati munthu wa pampanda.

"Mayi," anatero mwaulemu, "ichi n'cha makina aakulu, onga athu a kunjanji aja."

"Si akula nacho?"

Mawuwo anatuluka okha ndisanawaganize. Alamu anaseka mpaka kukhala pa ndowa. A Matewere, munthu wa kwaya, anatembenukira kukhoma, koma mapewa ankawagwedezeka. Ine ndinaona kuti makina apita, njinga yapita, palibenso chobisa. Ndinaulula za tsache ndi dzala.

Alamu anasiya kuseka. Anayang'ana makina aja, kenako anati, "Muli ndi chitini chopanda kanthu? Ndi sizasi yakale."

Anadula chitinicho mosamala, timizere towongoka. "Achimwene ndi amene anandiphunzitsa," anatero ali chowerama. "Tili ana tinkadula zitseko za magalimoto a mawaya. Ndikapotoza ankandimenya m'mutu."

A Matewere anabwezerapo chogwirira chakale, kuika kalata, kuyesa, kuchotsa, kuwonjezera kena. Dzuwa likupendeka makina analira monga kale, tinyenyeswa tachitsulo tikugwa topiringizika. Alamu anamvetsera nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso, amvekere mwalowa fumbi.

"Wa ku Zingwangwa uja ndikamuuza kuti makina ali ndi mwini wake," anatero potsazika. "Koma alamu, kumsika muzipita ndi munthu."

Wogulitsa uja anakana kulandiranso chitsulo chake. Njinga inali itapita kale ku Mulanje. Lero ndimatha kuika mpeni pakati ndekha, ndipo chitini chopanda kanthu pakhomo pano sichitayidwa. Koma masiku ena m'mawa ndikamatsegula shedi ndimaima kaye, kupotoza kachigwiriro kaja, kwa! n'kuyang'ana makina. Sanakulebe.