Zitheba za Alamu Anga Zikukudikirani, Bwana

Elk Hollow,
America.

Kwa Olemekezeka Wapampando wa Komiti Yoona za Chuma,
Nyumba ya Malamulo ya Chigawo Chathu.

Bwana Wolemekezeka,

Ndine Darlene Thorsgaard, mayi wamasiye wolima chimanga ndi soya, amenenso ndimayang'anira khitchini ya tchalitchi chathu. Pepani kuti munthu wonunkha anyezi ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndalemba kuti ndithokoze basi, chifukwa chimwemwe chandikwana ndipo ndasowa pochiika.

Tinakumvani pa wailesi sabata yatha. Munati sukulu yathu ya ukachenjede ya zaulimi ikudya misonkho pofufuza zinthu zomwe makolo athu ankazidziwa ndi mphuno, choncho Lachinayi likudzali muvota kuti maofesi a alangizi ake m'maboma onse atsekedwe. Munawonjezera kuti, "Agogo anga sanafunepo pulofesa wowauza kaphikidwe ka zitheba." Bwana, ndinasiya kusenda mbatata n'kuwomba m'manja ndekhandekha m'khitchini, mpaka galu anathawira panja.

Choyamba, zikomo potichotsera Mayi Lorna Tjaden, mlangizi amene sukuluyo inatitumizira kuno. Mayi ameneyu watisowetsa mtendere. Chaka chilichonse zitheba zikayamba kucha amatiitana kuti tibwere ndi zivindikiro za mapoto athu a nthunzi, aja timaphikiramo mabotolo a ndiwo zodya nthawi ya chisanu, ati ayeze ngati kawotchi ka pamwamba kakunena zoona. Kanga anakapeza kakunama. Kankati moto wakwana pomwe usanakwane, ndipo ndinachita manyazi pamaso pa amayi anzanga onse. Kawotchi kakenso kosiyidwa ndi malemu mayi anga! Mukatseka ofesiyo, kawotchi kalikonse m'boma muno kazinena zomwe kakufuna popanda wokafunsa, ngati anthu ena amene timawamva pa wailesi.

Chachiwiri, zikomo potibwezera tulo. Akatswiri a kusukuluko anafufuza n'kutiuza kuti m'botolo la zitheba kapena la nyama, likapanda kupsa ndi nthunzi yamphamvu, mumakula kachilombo kotulutsa poizoni wosanunkha, wosawawa, wosasintha ngakhale maonekedwe a msuzi. Ati madzi owira wamba sakapha kachilomboko. Nanga imeneyo ndi nkhani youza munthu amene akufuna kudya mwamtendere? Kale tinkangonunkhiza n'kudya, ndipo wina akatisiya tinkati nthawi yake inakwana, abusa n'kulalikira mogwira mtima. Kafukufuku wawoyu watilanda maliro ambiri okoma, ndi makeke ake omwe.

Chachitatu ndiye chachikulu: mwawamasula alamu anga, a Delbert. Awa ndi mng'ono wa malemu amuna anga, mlenje, ndipo amakukondani kwambiri moti chithunzi chanu anachipachika m'galaja, pambali pa mutu wa gwape. Iwo ndi Mayi Tjaden saonana ndi diso labwino. A Delbert anatulukira njira yawoyawo: amathira zitheba ndi nyama ya gwape m'mabotolo, kutseka, kuwalowetsa m'makina otsukira mbale, kudina batani la madzi otentha, iwo uyo kukaonera mpira. Mbale zayera, ndiwo zapsa, ati ntchito ziwiri magetsi amodzi. Mayi Tjaden atamva anagwira mutu. "Delbert, m'bale wanga, amenewo si maphikidwe," anatero. "Uku n'kusambitsa tizilombo." Kuchokera tsiku limenelo komiti ya tchalitchi inagwirizana kuti pa mgonero wathu wothokoza zokolola mayiwa aziima pakhomo, ndipo botolo lomwe alikana lizibwerera kugalimoto. Mabotolo a alamu anga akhala akubwerera chaka ndi chaka, eni ake akutukwanira m'munsi pa malo oyera.

A Delbert atangokumvani pa wailesi anatulukira kwathu akuliza hutala kuyambira kumsewu. "Mlamu, mwamva? Boma layankhula! Kamayi kanu kaja kazipita kukayeza nthunzi kwawo. Chaka chino mudya zanga, mufune musafune!" Makina aja sanapume kuchokera pamenepo. Akazi awo akutsukira mbale m'bafa.

Apa ndisabise, Bwana, ndikuopa. Ndili mtsikana ndinaona mnansi wathu, Mayi Opal Brandvold, atagona m'chipatala miyezi ingapo, zikope zosatseguka, makina ndiwo akuwapumira, chifukwa cha botolo limodzi la zitheba lomwe linkaoneka bwinobwino. Mayi Brandvold anali aukhondo kuposa tonsefe, koma panalibe anawauza. Pa mgonero wathu pamabwera ana a Sande sukulu ndi nkhalamba za kunyumba yosungirako okalamba, ndipo amene ndimagwira chipande n'kuwagawira ndine. Koma ndine yani ine kuti nditsutsane ndi mphuno ya agogo anu?

Chachinayi chinali cha kachipangizo kobaya nkhukundembo poona ngati yapsa mpaka m'kati, komwe Mayi Tjaden omwewo anatikakamiza kugula. Ndachisiya, ndikudziwa muli ndi maofesi ambiri oti mutseke.

Pempho langa ndi laling'ono. Mgonero wa chaka chino uliko Lamlungu lotsatira voti yanuyo. Mwambo wathu mukuudziwa, popeza chaka cha zisankho simutiphonya: mlendo wolemekezeka amakhala kumutu kwa tebulo ndipo amayamba ndiye kulawa mbale iliyonse, mwini mbale ataima pambali akumuyang'ana m'kamwa. Kukana ndi kunyoza banja lonse, pamodzi ndi mavoti ake, ndipo a kwa Thorsgaard tilipo ambiri. Takusungirani mpando wa khushoni. Alamu anga akusungirani botolo lalikulu, lija chivindikiro chake chatukumuka pang'ono, akuti ndi umboni woti zakoma mpaka zikufuna kutuluka zokha. Za ife musade nkhawa. Tagwirizana kuti tsikulo tidya buledi ndi khofi basi, tione kaye mmene mudzukire Lolemba ndi Lachiwiri. Chipatala chili patali ndithu, koma msewu munatilonjeza uja mwina udzakhala utatha.

Mayi Tjaden, ouma mutuwo, akuti ngakhale mukufuna kuwachotsa ntchito sangalole kuti mulawe. Ati ofesi yawo ikakhala ilipo Lamlungu, adzaima pakhomo monga mwa masiku onse, ndipo botolo lanu lidzabwerera kugalimoto. Ikatsekedwa, pakhomopo padzaima a Delbert, atavala tayi, supuni ili m'manja. Choncho Lachinayi votani momasuka, Bwana, monga momwe mtima ndi mimba yanu zikuuzirani.

Ine wanu wodzichepetsa, wogwira chipande,

Darlene Thorsgaard (Mayi)