Kudzutsa Anyamata a Nkhungu

Lolemba

Kuzizira! Phiri silikuoneka, madzi a m'ndowa akuluma zala.

Kwabwera Tadala, mwana wa malemu Fabiano, mnzanga amene anayambitsa bandi yathu, Anyamata a Nkhungu. Ukwati wake ndi Loweruka lino. Wagwada pakhonde: "Ababa, nyimbo imodzi yokha, ija bambo ankaikonda. Iimbidwe ndi bandi yawo." Ndavomera ndisanaganize. Chikhalirecho tinasiya kuimba Tadalayo ali kumsana.

Madzulo alamu anga a Dyson, amene amayendetsa galimoto ya azungu a ku Iceland, andimvetsera pafoni nyimbo za bandi ina ya kwawoko. Gitala mulibe. Makina okhaokha, du du du ngati chigayo cha dizilo, pamwamba pake mawu a munthu, odekha. Akuti inayamba ili chikhamu, ojambula mafilimu ndi oimba pamodzi. Ena anachoka, ena analowa, wina anachoka n'kubwereranso, mpaka anatsala ochepa. Dzina ndi lomwelo. Ngati a m'dziko la madzi oundana akutha, ife a ku Dedza tingalephere bwanji? Kuzizira n'komweko!

Amoyo mu bandi yathu ndife awa:
ine, kiyibodi
a Yusufu, ng'oma
a Likisho, besi
Zitheka!

Lachiwiri

Ku Linthipe. A Yusufu ali m'golosale yawo, ndevu zili mbuu. Aseka mpaka kutsokomola. "Ng'oma zija akazi anga amasungiramo nyemba." Loweruka a Yusufuwo akukapikula katundu ku Lilongwe. Andilozera telala wa pakhonde pawo, mayi Esinati, amene amaimba ng'oma kukwaya. Chabwino. A Dyson akuti ku Iceland nakonso akazi analowamo. Za dzina loti Anyamata tidzaona.

Lachitatu

A Likisho abwera ndi besi yawo! Tikuyeserera m'khitchini mwathu. Nyimbo akuikumbuka yonse. Vuto labwera pa tiyi. "Fabiano sanayambitse bandi. Ndinayambitsa ndine, ku Kabwazi, kuseri kwa holo." Ine ndikukumbuka kuti tinali pansi pa mtengo wa mapichesi kwa Fabiano. Takangana mpaka tiyi wazizira. Aliyense akunena zimene anaona ndi maso ake, ndipo amene akanatiweruza ali kumanda.

Anyamula besi, atuluka osatsanzika.

Ndafunsa a Dyson ngati a ku Iceland amakangananso za woyambitsa. "Anthu ndi anthu, alamu."

Lachinayi

Uthenga wochokera kwa a Likisho: sabwera, msana ukuwawa. Msana womwewo dzulo unanyamula besi mpaka ku Chimbiya!

Mayi Esinati abweretsa mng'ono wawo Loveness, woimba besi kutchalitchi kwawo, ndi mwamuna wa Lovenessyo, Gift, amene akuti ndi woimba. Ndawaimbira nyimbo ya Fabiano kamodzi kokha. Aigwira pompo, bwino kuposa mmene ife tinkaigwirira pa unyamata wathu. Zandisangalatsa. Zandiwawanso, sindinama.

Lachisanu

Kiyibodi yanga makiyi apakati ali zii. Tatsegula. M'kati muli:
chisa cha makoswe
makoko a mtedza
batani la malaya anga a ukwati

Gift watulutsa laputopu. Akuti zonse zimene zala zanga zimachita, makina achita. Du du du! Iceland yeniyeni m'khitchini mwanga. Ine andipatsa chisekese. Mkazi wanga, ali pakhomo: "Chimenechonso muchisamale, muli njere."

Ndikusekesa ndikuganiza. Khasu ukalisintha mpini, chaka china n'kusinthanso chitsulo chake, likadali khasu lomwe lija? Tinkaimba pa kiyibodi imeneyi Fabiano ataima kumanzere kwanga, akuponda pansi ndi chidendene. Mawa kumanzere kwanga kukakhala chingwe cha magetsi.

Loweruka

M'mawa amayi a Tadala ali pakhomo, mpweya uli m'mwamba. Atsibweni a mwanayo, a ku Joni, basi yawafera m'njira. "Alamu, mwanayu mumulowetse m'tchalitchi ndinu. Mukakhale pampando wa malemu anzanu aja."

Chisekese chatsala pawindo. Jekete yobwereka, manja ake akuthera m'zigongono.

Kuholo wolengeza akuwa: "Anyamata a Nkhungu!" Akwera pansanja azimayi awiri aja, Gift, ndi laputopu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo Fabiano. Ine ndili kutebulo la akuluakulu, zala zikudinadina pamaondo. Nyimbo ikuthamanga kwambiri, kolasi aibwereza mosayenera. Ndikufuna kuimirira ndiwaimitse. Tadala wandigwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe pa velo: "Ababa, ndi bandi ya bambo yeniyeni."

Ndakhala pansi. Sindinamutsutse.

Kumbuyo kwa holo, a Likisho akuvina mpaka kugwada. Msana!

Lamulungu

Misa. Miyendo ikuwawa, ngakhale sindinavine.

Gift wandipeza panjira pobwerera. Aitanidwa kale kukaimba kuchinkhoswe ku Chimbiya mwezi wamawa. Akumana, agawana maudindo, dzina alisunga. Ine andisankha kukhala mlangizi. Ndafunsa ntchito ya mlangizi.

"Kukhala pansi, bambo, n'kumatiuza zakale. Komanso kuyang'anira sipika ife tikapita kokadya."

Bandi ili moyo, ikupita kutsogolo, kungoti ine sindikuimbamo.

Ndavomera. Ndangopempha chinthu chimodzi: mpandowo ukhale wotsamira.