Wayilesi ya Pachulu

Lolemba

Ndatsegula wayilesi! Si ya mlongoti ayi, ndi ya pa intaneti. Omvera: anthu a kuno ku Manyamula amene ali ku Joni, ndipo ndi ambiri kuposa amene atsala kuno. Kuulutsa koyamba Loweruka, 2 koloko masana.

Zipangizo:
laputopu yanga yakale
foni, yogawira laputopu intaneti
maikolofoni ya kwaya, yobwereka

Pulogalamu:
kwaya ya amayi, nyimbo zitatu
phunziro langa la kasungidwe ka chimanga, mphindi makumi awiri
moni wa kwa abale

Woyamba kulembetsa moni ndi NyaTembo, amene amagulitsa tomato pageti la sukulu yathu. Amuna ake, a Lungu, ali ku Joni chaka chachinayi, ndipo miyezi isanu ndi itatu tsopano sayankha foni. Kumapeto kwa mwezi kukubwera anthu kudzakambirana malowolo a mwana wawo Tamara, ndiye popanda mawu a bambo zonse ziima. Wandiitana monga amaitanira aphunzitsi kuno: "Asambizi, ndapota, ndikufuna mphindi imodzi yokha. Foni yanga amaiona n'kuisiya, koma wayilesi azimvera pamodzi ndi anzawo."

Ndamulonjeza. Ndayeza liwiro la intaneti: 4,000. Zofunika ndi 128 zokha. Tili ndi zotaya!

Lachiwiri

Tilibe zotaya.

Choyezera chija chimaonetsa manambala awiri, ine dzulo ndinangoona yaikuluyo. Mphunzitsi wa masamu, zaka makumi awiri m'kalasi! Yaikuluyo ndi ya kutsitsa, zobwera kwa iwe. Yaing'ono ndi ya kukweza, zochoka kwa iwe. Wayilesi imakweza. Yanga ndi 70.

Ndikufotokozera akazi anga pa tiyi: zili ngati basi ya ku Joni. Pobwera imakoka ngolo, muli mafiriji, matilesi, njinga. Popita imanyamula munthu ndi kachikwama. Netiweki yathu anaikonzera zobwera zokha. Mawu abwino amafuna makilobiti 128 pa sekondi iliyonse, osapuma, ndipo wanzeru amasunga kuwirikiza kawiri chifukwa netiweki imatsokomola.

Iwo: "Tiyi wanu wazizira."

Ndazungulira nyumba yonse ndi foni. Pabalaza 70. Pawindo la kuchipinda 85. Kukhitchini 40. Kuseri, kumene sindingalembe, 110, koma kwaya singakwanemo.

Lachitatu

Chulu! Chija cha kuseri kwa bwalo la mpira. Pamwamba pake 150. Nditamangirira foni kunsungwi ndi mphira n'kuikweza m'mwamba, 190!

Sizikufika 256, ndiye ndatsitsa wayilesi pa 64. Palibe chamanyazi. Omvera amafuna uthenga.

Ahedi andipeza ndili pachulu, nsungwi m'manja. Ayang'ana ine, ayang'ana foni. "Aphunzitsi, Sitandade 7 ikukudikirani. Kapena muwaphunzitsira pompo?"

Ndatumiza adiresi ya wayilesi ku gulu la pafoni la anthu a kuno okhala ku Joni. Aiona anthu ambiri. A Lungu nawonso aiona, sanalembe kanthu.

Lachinayi

Kuyeserera ndi kwaya. Amayi khumi ndi anayi, pachulu pakwana asanu. Enawo akuimba ali m'munsi mozungulira, ngati tikuchotsa fumbi pamanda.

Mlamu wanga akumvera ku Mzimba boma kuti atiuze mmene zikumvekera. Uthenga wake: "Akuimbira mu ndowa?" Kenako: "Adula." Kenako: "Abwerera, koma ali pa vesi lina."

Ndikufotokozera amayiwo kuti nyimbo ndi katundu wolemera, ng'oma ndi chisekese zimadya makilobiti ambiri kuposa munthu wongoyankhula. Mayi otsogolera kwaya: "Mbwenu ndife olemera ife, asambizi?" Sindinatero. Anyamuka onse. Maikolofoni andisiyira mpaka Loweruka chifukwa cha NyaTembo, osati chifukwa cha ine, anenetsa.

Kwaya yachoka pa pulogalamu.

Chabwino chimodzi: ndapeza kabokosi mu laputopu kouza wayilesi kuti ikaduka izidzilumikiza yokha netiweki ikabwerera. Ndachonga. Nzeru zimenezi!

Lachisanu

Mphepo. Nsungwi ikugwedezeka, manambala akugwedezeka nayo: 160, 90, 60. Ndatsitsa pa 32. Pa 32 munthu amamveka ngati ali ndi chimfine, koma amamveka.

NyaTembo wabwera ndi moni wake atalemba papepala la kope la Tamara. Waulemu kwambiri. "Monire adada a Tamara, tili bwino, ng'ombe zili bwino, tikupempha mutiimbireko." Wawerenga katatu. Ndamuuza kuti asaope, ine zonse ndaziwerengera.

Phunziro la chimanga ndalichepetsa, mphindi khumi ndi zisanu. Ndachotsa za mbiri ya nkhokwe. Zandiwawa.

Loweruka

Ndinawerengera mphepo. Ndinawerengera batire. Sindinawerengere msika.

Masiku onsewa ndimayeza m'kati mwa sabata, anthu ali m'madimba. Lero ndi tsiku la msika. Aliyense wa ku Engutwini mpaka malire a Zambia ali pano ndi foni, akujambula nsapato za kaunjika n'kumatumiza ku Joni kufunsa ngati agule. Tonse tikukweza pa mlongoti umodzi!

2 koloko: 12.
Hafu pasiti 2: 9.
3 koloko: choyezera chikungozungulira.

Ndawerengabe phunziro lonse la chimanga, mokweza, mwina mwake. Omvera: NyaTembo, atavala chilundu chatsopano, akundigwirira maikolofoni, ndi mbuzi ziwiri. Laputopu ikuti palibe kulumikizana.

Itakwana 4 ndagonja. Ndatembenuza laputopu chifukwa cha dzuwa, ndakhala pansi. Ndamuuza NyaTembo kuti pepani mayi, sizitheka. Wapinda kapepala kaja, wakaika mu chilundu. Maikolofoni ikadali m'dzanja lake. Kumwamba kwachita mdima, kamvula kachiperoni kayamba, tikuona anthu akuthawa kumsika.

Ndiye wayamba kuyankhula, ndi ine ndi mbuzi zija. Osati za papepala.

"Bola sizinatheke, asambizi. Ulemu wanji? Munthu anapita ndi thalauza limodzi, ndinamusokera ndine. Lero pa chithunzi watsamira galimoto la bwana wake ngati lake. Kuyendetsa njinga kumene amagwa! Ng'ombe zake ndadyetsa ine, amayi ake ndawasambitsa ine m'chipatala ku Embangweni sabata zitatu. Tamara akufunsa tsiku lililonse kuti adada ayankha? Ndimunamize mpaka liti?"

Mphindi khumi ndi ziwiri. Ine ndikungoti eya, eya. Mwinanso ndinaonjezapo kuti galimotolo ndinalikayikira kale.

Ndikumasula foni kunsungwi kuti isanyowe. Mauthenga a ku gulu la ku Joni akugwa ngati matalala.
"Zikumveka bwino chomene!"
"Musadule asambizi."
"Lungu tili naye pompano, watuluka panja."

Msika utabalalika netiweki inabwerera. Kabokosi kaja kanagwira ntchito yake. Pa 32, mawu oyera ngati ali m'chipinda momwemo.

Lamulungu

A Lungu aimba m'mamawa. Poyamba kwa ine: mawu amene sindingalembe tsiku la Mulungu. Kenako kwa akazi awo, ola lathunthu. Akwera basi ya Lachinayi, za Tamara adzakambirana okha pamaso. Akuti anzawo sakuwapatsa mtendere, aliyense akuwafunsa makiyi a galimoto.

NyaTembo wandibweretsera tomato beseni lodzadza. "Yewo chomene, asambizi. Mumadziwa ntchito." Ndayesa kufotokoza kuti inali ngozi, za msika, za mlongoti. Sanamvere.

Ndafunsa ku gulu ngati alipo anamvako za chimanga. Palibe. Mmodzi wafunsa kuti chimanga chanji.

Potuluka m'tchalitchi andizungulira amayi asanu ndi awiri, atatu ndi a kwaya omwe aja. Onse ali ndi amuna ku Joni. Onse akufuna Loweruka likubwerali, msika ukatha. Palibe akufuna pepala. Otsogolera kwaya ati maikolofoni ndisabweze.

Ndafunsa ngati ndingayambe ndi kaphunziro kakafupi, mphindi zisanu zokha. Ati ine ndizingogwira nsungwi.

Ndikaigwira.