Mota Yanga ndi Dzino la Apongozi

Anzanga, mukamandiona ndikupalasa kanjinga kanga ndi imvi zonsezi, musamaganize kuti za moto sindinazilaweko. Ndinakhalapo ndi mota ine, njinga yamoto. Osati yogula m'sitolo ayi, yochita kumangitsa, chiwalo ndi chiwalo, ndipo inayenda ulendo umodzi wokha.

Munali m'zaka zija titangolandira ufulu, azungu a m'minda ya tiyi ku Milange akupakira n'kumapita kwawo, zina atanyamula zina atasiya. Ine ndinali kalipentala, ndikukhala chikamwini kwa akazi anga, mayi a Rozita, pamudzi wina wa m'njira ya ku Mongue. Maganizo anga anali abwinobwino. Ndinkatopa kumangirira zitseko ndi mipando panjinga yakapalasa n'kumakankha m'zitunda mpaka kumsika, ndiye ndinati ndikapeza mota msana upumako. Cholakwika pamenepa n'chiyani?

Ku Milange kunali mnzanga wina, a Armando, amene ankagwira ntchito yaumakaniko kwa azungu aja. Tsiku lina ananditengera kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa mango, n'kundionetsa chitsulo chadzimbiri chokhala ndi nyanga ziwiri, nkhuku itakhala pamwamba pake.

"Achimwene, iyi ndi mota yathunthu," anatero. "Yangosowa tizinthu ting'onoting'ono."

"Monga chiyani?"

"Injini. Matayala. Tcheni. Zotero basi."

Munthu wanzeru akanatsanzika pomwepo. Ine ndinafunsa mtengo.

Tsono masiku amenewo ndalama sinkagula kanthu. Ukalowa m'loja umapeza mashelefu okhaokha ndi wogulitsa akuwodzera, choncho ukafuna chinthu chenicheni umalipira ndi chinthu chopuma. A Armando anati chitsulocho ndi mbuzi imodzi. Ndinapita kunyumba, ndinawauza mayi a Rozita kuti ndapeza mota ya mbuzi imodzi yokha, iwo n'kuvomera. Za tizinthu ting'onoting'ono tija sindinatchule.

Injini tinaipeza kwa mlonda wina wa kumunda wa tiyi. Inali ya pampu yothirira mbande, sinayendepo pamsewu chibadwire, koma a Armando anati injini ndi injini, siidziwa chimene ikuzunguza. Imeneyo inadya nkhumba. Matayala kuno kunalibe, ndinachita kuwoloka mtsinje wa m'malire kukawafuna ku Muloza, ndipo munthu wake anakana ndalama zathu za eskudo, anati akufuna wailesi yanga. Ndinabwerera nditakoleka matayala m'khosi, madzi akulekeza m'chiuno, ndikuyimba nyimbo ndekha popeza wailesi inali itapita. Kufika kwa a Armando, matayala aja osalingana! Lina lalikulu, lina laling'ono. Tinaika lalikulu kutsogolo, ndiye motayo inkangoyang'ana kumwamba ngati munthu wopempha mvula.

Tcheni ndi magiya ake zinatenga mbuzi ina. Thanki inali yobooka ngati sefa, tinaikapo chitini cha mafuta ophikira, koma wowotcherera anafuna mbuzi nayenso. Ndikati ndileke, a Armando amati, "Mwafika kale pakati pa mtsinje, achimwene, kubwerera ndi kupitirira n'chimodzimodzi." Ndinagulitsa mpaka njinga yakapalasa ija, chifukwa munthu wa mota njinga aichitiranji? Gazolina, petulo woyendera motayo, ndinagula kwa dalaivala wa lole, mabotolo ochepa, ndinamupangira chitseko chatsopano n'kuwonjezera tambala.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza mayi a Rozita ataima pakhola, manja ali m'chiuno, khola lili mbee.

"Bambo a Rozita, tandiuzani zoona. Kodi chinthu chanucho chimadya nyama?"

Ndinati adikire aone. Dziwaninso kuti mbuzizo, kunena mwachilungamo, sizinali zanga kwenikweni. Mkamwini amakhala ndi mbuzi? Zinali za pamudzipo, ndipo make wa zonsezo anali mbuzi imene apongozi anga aakazi anapatsa mwana wawo. Apongoziwo ankangodutsa pakholapo n'kutsokomola.

Mota itatha, a Armando anandifotokozera kayendetsedwe kake. Anati popeza injini ndi ya pampu, mayendedwe ake ndi awiri okha, kuima ndi kuthamanga. Polizira anthu azikukankha. Poimitsa utseke kampopi ka gazolina, uponde buleki, kenako uthandizire ndi mapazi. Nditafunsa ngati bulekiyo imagwira, anati imagwira ikafuna.

Chimene chinatsala chinali mpando wakumbuyo, ndipo apa sindingawanamizire a Armando, unali ntchito ya manja anga. Ndinati anthu aone kuti mwini wake ndi mmisiri. Ndinapala mbawa yabwino, ndinapanga mpando weniweni wokhala ndi potsamira msana ndi poika mikono, wonyezimira ngati wa bishopu. Mabawuti okha ndi amene anasowa. Ndinaumanga ndi linya, kukulunga n'kukulunganso, ndinaugwedeza ndi dzanja, ndinati apa ngakhale njovu ikhoza kukhala.

Ndinaikankha kuchokera ku Milange mpaka kumudzi kuti ndisawononge gazolina. Inakhala pakhonde masiku angapo, anthu akubwera kudzaiona, ine ndikuipukuta n'kumadikira ulendo woyenera. Ulendowo unabwera wokha. Apongozi anadwala dzino.

Tsaya linatupa ngati aikamo chimanga chokazinga chodzaza dzanja, osadya, osalankhula bwino. Anayesa mizu, anayesa mchere, anayesa fodya, osatheka. Mayi a Rozita anati afunika kuchipatala ku Milange, koma kuyenda pansi sangathe, ndipo njinga yakapalasa pakhomopo munthu wina anaigulitsa. Anatero akundiyang'ana. Ine mumtima ndinati lero ndi lero, mbuzi zonse zija zikhululukidwa.

"Auzeni mayi akonzeke. Akafika dzuwa lisanatenthe."

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sakhala pafupi, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo ndinali ndisanalankhule nawo maso ndi maso, mawu onse ankadzera mwa mwana wawo. Ndiye anthu oterewa akwere mota imodzi? Panakhala kamsonkhano. Amalume awo a akazi anga anagamula kuti matenda alibe mwambo, koma pakati pathu paikidwe chinthu kuti tisakhudzane, ndipo ine ndisacheuke zivute zitani. Anatenga thumba la gaga n'kundimangirira kumsana ndi nsalu ngati ndabereka mwana.

Ndinakwera, maso kutsogolo. Ndinamva mota ikutsika pang'ono kumbuyo, mayi a Rozita akuti, "Gwirani apa ndi apa, mayi." Amuna a pamudzi anagwira n'kuyamba kukankha. Kukankha, kukankha, zii. Kukankhanso, injini inatsokomola, kenako phuu! Chinthu chija chinadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, utsi tolo, nkhuku balala, ine n'kumangogwiritsa nyanga kuti ndisagwe. Kumbuyo ndinamva mudzi wonse ukukuwa. Masiku amenewo anthu akakuwa pamodzi timadziwa kuti ndi kuyamikira, ndiye ndinakweza chibakera m'mwamba n'kuyankha kuti, "Viva!"

Epa, inkayenda mota ija! Zitunda zimene ndinkathera thukuta inkangozimeza. Ndinadabwa kupepuka kwake, mpaka chisoni chinandigwira, ndinati ha, dzinoli lawadya mayiwa, atsala ngati nkhuku. Ndipo popeza mwambo unali utamasulidwa pang'ono, ndinaona kuti ndi bwino kuonetsa ulemu. Tikagunda dzenje ndimati, "Pepani mayi." Tikayandikira kamlatho ndimati, "Gwiritsani mayi." Osayankha. Ine ndinati ndiwo ulemu wake umenewo, mayi wolemekezeka sangayankhe mkamwini pamsewu. Thumba likandikankha kumsana ndimati ndi iwowo, n'kumasunthira kutsogolo mpaka ndinatsala pang'ono kukhala pachitini.

Kenako mtima unakula, ndinayamba nkhani. Ndinawafotokozera za mbuzi zija, kuti sizinapite pachabe, kuti mota ikayamba kubweretsa phindu khola lidzadzaza kuposa kale. Ndinawauzanso kuti mwana wawo ndimamukonda. Zinthu zimene sindinanenepo kwa munthu aliyense ndinazinena tsiku limenelo, mokweza, kuti zipose phokoso la injini. Anthu a m'njira ankaima, akazi kutula mitolo, n'kumandiloza akuseka. Ine n'kumawagwedezera mutu monyada.

Polowa m'tauni panali kontrolo, chingwe chopingasa msewu ndi amilisiya ofunsa makalata a ulendo. Ndinatseka kampopi patali, ndinaponda buleki, buleki sinafune. Ndinatsitsa mapazi, nsapato zikukwekwereza fumbi, mpaka ndinakaima chingwe chili pakhosi. Panabwera bambo wina wamfuti, wamtali, wosaseka.

"Kamarada, liwiro limeneli mukuthawa chiyani?"

"Ndanyamula wodwala, kamarada. Tikuthamangira kuchipatala." Ndinaloza kumbuyo ndi chala chachikulu, maso ali kutsogolo.

Anayang'ana kumbuyo kwanga, anandiyang'ana ine, anayang'ananso kumbuyo.

"Wodwala wake uti?"

"Apongozi angawa. Dzino."

"Ali m'thumbamu?"

Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala za asilikali. Ndinati ayi, kuseri kwa thumbako, pampando.

"Tacheukani, kamarada."

"Sindingathe, ndi apongozi."

"Ndati cheukani. Mlandu wa mwambo ukhala wanga."

Ndinacheuka pang'onopang'ono, maso nditatsitsa mwaulemu. Kunalibe apongozi. Kunalibe mpando. Kunali timichira ta linya tikulendewera, basi.

Anzanga, sekani lero, koma nthawi imeneyo ine sindinaseke. Ndinakumbukira maenje onse aja, timilatho tonse tija, miyala ya m'mitsinje. Ndinati ndapha mayi wa mkazi wanga, ndipo sindikudziwa n'komwe pamene ndawaphera. Amilisiya anayamba kumasula thumba kuti aone ngati muli katundu wozembetsa, anapeza gaga, anaitana anzawo kuti adzamve nkhaniyo kachiwiri, mpaka wosaseka uja anakhala pansi misozi ili mbwe. Anandikankha kuti ndibwerere, mota osalira. Titasuzumira m'chitini, gazolina yense anali atatha.

Ndinaikankha kubwerera, dzuwa lili paliwombo, thumba lidakali kumsana chifukwa mutu sunandiuze kuti ndilitule. Dzenje lililonse ndimaima n'kusuzumira m'udzu. Kamlatho kalikonse ndimatsikira pansi ndikuitana, "Mayi! Mayi!" Aliyense wokumana naye ndimamufunsa, "Pepani, simunaoneko mayi wachikulire atakhala pampando wa mbawa m'mbali mwa msewu?" Mumadziwa mmene anthu amakuyang'anira ukafunsa funso lotere? Mayi wina wogulitsa nthochi anati, "Si inu munadutsa m'mawa mukuuza thumba kuti mumakonda mwana wake?"

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Ndili patali ndinaona anthu ali khamu pabwalo pathu, ndinati basi maliro. Nditayandikira, palibe wolira. Pakati pa bwalo, pamalo penipeni pamene tinanyamukira, panali mpando wanga, ndipo apongozi anali atakhalapo, nsalu ili kukamwa.

Mayi a Rozita ndi amene anandifotokozera, mosakweza mawu, zimene zinandiopsa kwambiri. Mota itangodumpha, linya linaduka, mpando unatsala m'malere n'kugwa chagada, mayi miyendo m'mwamba pamaso pa mudzi wonse. Pogubuduka anamenyetsa kamwa pa choikapo mkono chija. Anthu anakuwa kuti ndiime, ine n'kuwayankha kuti viva. Atawadzutsa anakana kulowa m'nyumba, anati akhala pomwepo adikire mwini galimoto.

Kenako mayi a Rozita anatambasula dzanja. Munali dzino.

Apa mpamene ndinalakwitsa komaliza. Nkhope yanga inawala, ndinayang'ana anthu onse aja n'kunena mokweza kuti, "Aa, ndiye zatheka! Kuchipatala akanachitanso chimodzimodzi!"

Apongozi anakodola mwana wawo, anamunong'oneza osachotsa nsalu kukamwa, maso ali kumbali monga mwa mwambo. Mayi a Rozita anawongoka n'kupereka uthengawo bwinobwino kuti aliyense amve.

"Akuti zikomo kwambiri, bambo. Koma akuti limene lachokali linali labwino, lowawa lidakalimo. Ndiye akufunsa kuti akwere kangati kuti mufike pa lowawalo?"

Mawa lake anapita kuchipatala pamachira, onyamula kutsogolo ndili ine, ulendo wonse osacheuka, koma pakapita kanthawi ndimafunsa wakumbuyo ngati akadalimo. Mota ndinawabwezera a Armando, anandipatsa nkhuku imodzi, yomwe inkagona pamwamba pake ija kapena mbale wake, sindikudziwa.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira, ndipo ndikubwereza pamaso panu: chinthu chimene ndamanga ndi linya sindidzakwezaponso munthu, ndipo anthu akamakuwa kumbuyo kwanga, kaya ndi mwambo kaya ndi lamulo la boma, ine ndimayamba ndacheuka.