Mbiri ya Malemu ba Zulu

Lolemba
Loweruka ndikulembanso mayeso a akuluakulu olowera ku yunivesiti, amene ndinalephera chaka chatha. Ulendo uno ndikhoza. Sekondale ndinasiyira chaka chachitatu, koma muno mu Mtendere onse amayesa ndinamaliza ndi yunivesiti yomwe. Amanditcha ba Profesa. Sindinawauze choncho, sindinawatsutsenso.
Dongosolo: masamu m'mawa, Chingerezi masana, chitseko chotseka.

Lachiwiri
Masamba asanu ndi anayi a masamu! Mutu ukadali lumo. Masana, kulira pa nyumba yachitatu. Ba Zulu osoka nsapato atisiya. Analibe sabata ina?

Lachitatu
Mwambo ndi mwambo. Ndili pamaliro, buku m'jekete. Ndisanalitulutse, mlamu wa malemu wandigwira phewa: "Ba Profesa, ndimwe muzalemba mbili ya bamudala. Ise sukulu tinapitako chabe." Ndavomera. Angalembe ndani wina pakati pa mbuli izi? Ntchito ya mphindi khumi.

Lachinayi
Mphindi khumi zanji!
Chaka chobadwa: andipatsa zitatu.
Akazi: mmodzi, akutero ampingo. Awiri, akutero achibale a ku Chipata.
Ana: asanu. Wachisanu ndi chimodzi watsika basi lero, mphuno yake ya malemu yeniyeni.
Masamu: sindinawaone.

Lachisanu
Mbiri yatha, ndipo ndi yokoma! Mkazi wachiwiri ndamulemba "wothandiza banja." Onse akhutira. Achibale a ku Kitwe afika, ndiye kuika maliro ndi mawa naini koloko. Mayeso anga: mawa naini koloko. Ndikupempha kuti awerenge wina. Amai Zulu: "Iyayi mwana wanga, benangu bazaononga. Kapena muli na pulogilamu?" Tenti yonse ikundiyang'ana. Ndinene kuti Profesa akukalemba mayeso olowera?
"Ndilibe, amai."

Loweruka
Tayi, jekete, lole yopita kumanda. Ndikuwerenga mokweza, osapunthwa ngakhale liwu limodzi. Azimayi akulira pomwe ndinafuna kuti alire. Abusa akuchita nsanje, ndikuwaona. Wotchi sindikuyiyang'ana.

Lamulungu
Mayeso ena ndi Juni wa chaka chamawa. Mabuku abwerera m'katoni, pansi pa bedi. Pa mpope andiimitsa ba Mwansa a pa shopu, amene akutsokomola chiyambire nthawi ya mvula: "Yanga muzalemba imwe, ka?" Ndavomera. Ndangowapempha kuti asadzafe mu Juni.