Kahedifoni Kanga M'beseni la Ufa wa Pamaliro

Ndikulemba izi ndi bolopeni, kumasamba otsala a kope la Jogalafe, ndipo zimenezi zokha zikuuzeni kuti nkhaniyi sinathe bwino. Mwezi wapitawu zonse za tsiku ndi tsiku ndinkazilemba mufoni. Lero foniyo ili m'sutikesi ya Amayi, pansi pa zitenje za kutchalitchi, ndipo kiyi wake Amayi amayenda naye m'chiuno.

Foniyo ananditumizira ndi azakhali anga a ku Joni nditakhoza mayeso a Fomu 2. M'katoni yomweyo munali timahedifoni tiwiri toyera, topanda mawaya, tating'ono ngati nyemba, tokhala m'kabokosi kaketake. Tsiku lomwe inafika, Amayi anaigwira ndi zala ziwiri ngati mbewa yoola.

"Iwe, tamvera," anatero. "Ndikangomva dandaulo limodzi, limodzi lokha, kuti wadutsa munthu wamkulu osapereka moni chifukwa cha chimenechi, chilowa m'sutikesi mpaka udzamalize mayeso a Fomu 4."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Ndinachita kugwada (kumbukirani zogwadazi, zibweranso).

Kunena zoona, foniyo ndinkaphunzirira. Gulu la kalasi yathu limatumizirana manotsi ndi mapepala a mayeso akale pomwepo. Koma theka la bandulo linkathera ku nkhani za mafoni atsopano. Ine ndimafuna kudzakhala injiniya wa zinthu zimenezi, ndiye ndinkaona kuti kuwerenga nkhanizo ndi sukulunso. Ndinkadziwa kuti makampani ambiri asiya kuboola kabowo kolowetsa waya wa mahedifoni. Ndinkadziwa kuti mafoni a masiku ano sachotsa batire. Tsiku lina tikutsuka mbale ndinawauza Amayi kuti kwatuluka foni yopinda ngati buku.

"Ikapindika ndiye imaphika ndiwo?" anandifunsa, osatembenuka n'komwe.

Mu Kawale monse munthu mmodzi yekha ndi amene ankandimvetsera, Abambo Chimwaza, atelala a pakhonde la nyumba yoyamba mukamalowa kanjira ka kwathu. Ndiwo anasoka yunifolomu yanga iliyonse kuyambira Sitandade 1. Ndikamadutsa ankaimitsa phazi pamakina n'kukweza magalasi pamphumi.

"Injiniya wathu, lero azungu apanganso chiyani?"

Ndinkawafotokozera, iwo n'kumagwedeza mutu ngati zikuwakhudza. Nditawaonetsa timahedifoni anati, "Ndiye mawuwo amadutsa pati, mwanawe?" Ndinawayankha kwa mphindi khumi, ndipo sanayasamule. Lachitatu la sabata ya tsoka langali ndinawasiyira siketi yanga ya sukulu kuti aitalikitse.

Loweruka ndinachoka m'mawa kupita ku Biwi ku maphunziro apadera a Masamu. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, ndiye ndinavala jinzi ndi chipewa cha ulusi chotseka makutu onse. Chitenje sindinatenge. Ndikanatengeranji?

Pobwerera cha m'ma 3 koloko ndinatsika minibasi, ndinaika timahedifoni, ndinakokera chipewa pansi, n'kuyatsa nyimbo. Timahedifoni timeneti tili ndi nzeru yotseka phokoso la kunja. Oitanira minibasi ankangooneka akutsegula pakamwa ngati nsomba. Ndinkayenda maso ali pafoni, ndikuwerenga za foni yopinda ija, yomwe akuti tsopano aipanga yopinda kawiri. Pamwamba pa sikirini panatulukira uthenga wa Amayi. Ndinaukankhira kumbali ndi chala, poganiza kuti ndi za tomato. (Ndinadzauwerenga pambuyo pake, masekondi ochepa foni isanalowe m'ndende. Unkati: "Pobwera uzungulire kumpopi, kwa aChimwaza kuli zovuta.")

Nditakhota kulowa kanjira ka kwathu, phazi langa linakodwa mu nthambi ya mango. Mwana aliyense wa ku Kawale, ngakhale wa mkaka, amadziwa tanthauzo la masamba oyalidwa pamsewu. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amazimitsa wayilesi. Koma ine ndinaona nthambi imodzi yokha, pansi pa foni, ndipo ndine mlembi wa kalabu ya ukhondo kusukulu kwathu. Ndinati mumtima, anthu a kuno ndi uve. Ndinaikankha ndi nsapato mpaka inagwera m'ngalande, n'kupitirira ndikudzimva kuti ndathandiza dziko.

Nthawi yomweyo Tadala, mnzanga wa pa desiki, anaimba. Ndinagogoda khutu kamodzi, n'kuyankha. Anayamba kutsanzira mmene aphunzitsi a Masamu amayendera akamafuna choko chomwe chili kuseri kwa khutu lawo. Tadala akayamba zimenezi munthu sungapirire. Ndinaseka. Si kuseka kwa ulemu kobisa mano ayi. Ndinaseka kwa pachigayo, mutu chagada, ndikudzimenya pantchafu.

"Iwe Tadala ndiwe chitsiru! Tabwerezanso!"

Anabwereza. Ndinasekanso. Atadula, nyimbo ija inayambiranso yokha, ndipo inali pamalo pomwe ndimapakonda. Ndinaimba nawo. Ndivomerenso pano kuti mapewa anagwedezeka pang'ono.

Kenako dzanja linandigwira pamkono, mwamphamvu ngati pulayala.

Ndinakweza maso. Kumanja kwanga kunali azibambo atakhala pamabenchi, zipewa zili pamaondo. Kumanzere kunali azimayi atakhala pansi pamikeka, miyendo atatambasula, mitu atamanga. Ine ndinali pakatikati penipeni, ndi jinzi yanga. Onse ankandiyang'ana. Amene anandigwirayo anali Amayi Nabanda, omwe amatsogolera azimayi a m'dera lathu pa zovuta zilizonse. Milomo yawo inkayenda mofulumira koma ine sindinkamva kanthu.

"MWATI BWANJI?" ndinafunsa.

Anandiuza pambuyo pake kuti funso limeneli linamveka mpaka kumsewu wa tala. Munthu wotseka makutu sadziwa kukula kwa mawu ake.

Taganizani mmene zinkaonekera kwa iwo. Pakhosi panga panalibe waya. M'makutu simunkaoneka kanthu chifukwa cha chipewa. Anangoona mwana wa Fomu 3, mwana wa mayi wopemphera, akutaya masamba a maliro m'ngalande, akudutsa pakati pa olira akuseka yekha, akutukwana munthu wosaoneka, akuvina, kenako akukalipira munthu wamkulu.

Ndinavula chipewa mwachangu kuti ndiwaonetse. Chipewacho chinakoka kahedifoni ka kumanzere. Ndinakaona kakuuluka, kakutembenuzika m'mwamba, mpaka kanakagwera m'beseni lalikulu lomwe linali pafupi ndi mapazi a Amayi Nabanda. Munali ufa womwe azimayi anali atangosonkha nyumba ndi nyumba, aliyense kambale kake, woti adye anthu obwera kudzalira. Ufa woyera. Kahedifoni koyera. Kanamira osasiya ngakhale chizindikiro.

Apa ndiye pali tchimo langa lenileni, ndipo ndalilemba kuti ndisadzadzinamize. Munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine ndinagwadadi, koma ndinagwadira beseni. Ndinapisa dzanja mu ufa wa pamaliro mpaka m'chigongono, dzanja lomwe linagwira zitsulo za minibasi, n'kuyamba kufufuza.

"Mayo ine!" anafuula mayi wina. "Akutisambira mu ufa!"

"Ndi wa kwa yani ameneyu?"

"Simukumudziwa? Si uja wa mafoni uja."

Ndi dzanja linalo ndinachotsa kahedifoni kotsalako, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe ndinadina. Nyimbo inachoka m'khutu n'kutulukira pa sipika ya foni, mawu onse. Sinali nyimbo ya Mulungu. Inali ija ya zitoliro ndi ng'oma zolemera yomwe amavina pa ukwati akamalowa operekeza. Azimayi a kwaya omwe anali m'nyumba anasiya kuimba.

Foni yanga imatseguka ndi chala. Ndinaika chala. Chinali ndi ufa, foni inakana. Ndinapukuta pa jinzi, ndinaikanso, inakananso. Kachitatu inandiuza kuti ndidikire pang'ono ndisanayesenso. (Batani lochepetsera mawu lili m'mbali mwa foni, pomwe panali chala changa chachikulu nthawi yonseyi. Ndinalikumbukira Lamulungu m'tchalitchi.)

"Tachotsa batire, mwana iwe!" anatero bambo wina wachikulire pabenchi.

Ndipo ine, mlembi wa kalabu ya ukhondo, injiniya wa mawa, ndinatembenuka ndi ufa kumaso n'kuyankha mwaulemu wonse kuti, "Pepani Abambo, mafoni a masiku ano sachotsa batire."

Sindinawaone Amayi anga akubwera. Anachokera kuseri komwe ankadula masamba a ndiwo, mpeni udakali m'manja. Analanda foni, anaikulunga m'chitenje chawo, anaiika pamkeka, n'kuikhalira. Nyimbo inapitirira pansi pawo, ikumveka ngati wayilesi ya kwa aneba, ndipo Amayi anakhala atawongola msana, maso kutsogolo, mpaka inatha yokha. Inali ndi mphindi zina ziwiri. Sindinaonepo mphindi zazitali chonchija.

Mpamene ndinayang'ana bwino nyumba yomwe tinali pakhomo pake. Pakhonde, makina osokera anali atawafunditsa nsalu.

"Amayi," ndinanong'ona, "ndani?"

"Atelala ako. Anagwa m'mawa akutsegula makina. Pofika kuchipatala n'kuti atapita."

Ndinafuna kulira, koma Amayi Nabanda anali atandiikira kale sefa m'manja ndi chitenje chobwereka paphewa.

"Kasambe m'manja. Ukabwera usefe wonsewu, tisadyetse anthu mabatire."

Ndinasefa beseni lonse nditakhala pansi, anthu akulowa ndi kutuluka, aliyense wobwera kumene akulozeredwa ine ndi milomo. Kahedifoni kanapezeka pansi penipeni. Amayi Nabanda anakanyamula m'mwamba kuti onse aone.

"Ndi kameneka? Kameneka ndi komwe kamuchotsa umunthu mwanayu?"

Kenako Amayi ananditengera m'nyumba kukapepesa kwa anamfedwa. Ndinalowa chogwada kuyambira pakhomo. Amayi Chimwaza anali atatsamira khoma, maso otupa. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anangondifunsa:

"Ndiwe injiniya uja?"

"Eya, Amayi. Pepani. Sindinamve, sindinaone."

"Siketi yako anaimaliza dzulo. Anati usalipire, akuti udzawakonzera wayilesi ukadzamaliza sukulu." Anauza mayi wina kuti aitenge pa msomali. "Tenga. Uzimva anthu, mwanawe."

Ndinatuluka nditakumbatira siketi, ndipo apo ndiye ndinalira, mochedwa, anthu atandiweruza kale.

Kunyumba kunalibe mlandu woti tikambe. Amayi anatsegula sutikesi.

"Tinagwirizana dandaulo limodzi," anatero. "Pofika pano ndalandira a Kawale yense."

"Koma Amayi, manotsi a kusukulu..."

"Ukopera kwa Tadala. Si ndiye amakuseketsa?"

Timahedifoni sanatenge. Anati popanda foni ndi nyemba chabe, ndipo ananena zoona. Tchaja inalowa nawo m'sutikesi, ndiye timahedifonito tinafa patatha masiku awiri. Ka kumanzere kakadali ndi ufa m'timabowo take.

Mayeso a Fomu 4 ali chaka chamawa. Panopa ndimakopera manotsi pamanja nthawi yopuma, anzanga akudya. Za foni yopinda kawiri sindidziwa kuti zinatha bwanji, ndipo ngakhale ndikanadziwa, pakhonde paja palibenso wondifunsa. Chomwe chimandiwawa n'chakuti m'dera lonse palibe amene amakumbukira kuti ndinakhoza bwino Fomu 2, kapena kuti kwa zaka zonsezi sindinadutsepo munthu wamkulu osapereka moni. Amakumbukira beseni. Kumpopi azimayi anandipatsa dzina, Nabatire, ndipo lafika kale kusukulu.

Ndaphunzirapo kanthu? Ndikaona tsamba pamsewu, ngakhale logwa lokha mumtengo, ndimaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Chitenje sichichoka m'chikwama. Koma mumtima ndikadali kunena kuti timahedifoni tija tikanakhala ndi waya wolendewera pachifuwa, wina akanandikoka ndisanafike pa nthambi, kapena akanati mwana sakumva, m'malo moti mwana wapenga. Ndikadzakhala injiniya (ndidzakhala, siketi ija sanaisoke pachabe) ndidzabwezeretsa waya, kapena kanyale kofiira pakhutu kouza anthu kuti munthuyu sali nanu.

Pakadali pano, ndikamapita kumpopi ndimavala timahedifoni tanga takufa, popanda chipewa, kuti aliyense atione. Azimayi amaganiza kuti sindikumva, ndiye amalankhula momasuka ndili pomwepo pamzere ndi ndowa yanga.

"Si ameneyu anavina pa maliro a atelala?"

"Yemweyo. Taonani, sanasiyebe."

Ndimayang'ana kutsogolo, osaphethira. Ndimamva liwu lililonse.