Nthutumba ya a Fulujensio

Takhalani pansi, ana inu! Mpunga wa Khirisimasi mwangoumaliza kumene, m'manja simunaume n'komwe, koma mukuti yakaliyakali kufuna kuthamangira kwa azakhali anu kukaona ngati kwatsala nyama. Ine zimenezo zimandinyansa. Ulipo mwambi wonena anthu ngati inu, ndipo unayamba chonchi.

Kunali bambo wina dzina lake Fulujensio, amene anakwatira chikamwini kuseri kwa phiri la kwawo. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pamudzi wa mkazi wake, Anambewe. Ankalima, ankafolera nyumba za apongozi, koma nkhuku ikaphedwa iye ankalandira khosi ndi zipalapasiro basi.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike, Anambewe analowa m'nyumba akumwetulira.

"Abambo, amayi akuti chaka chino nthutumba ya tambala ndi yanu. Mukadyera pakhonde lalikulu, limodzi ndi amalume."

Inu a masiku ano simungamvetse. Nthutumba sapatsa munthu wamba. Mkamwini akaidya, ndiye kuti pamudzipo amuwerengera ngati munthu. Fulujensio anasangalala kwambiri, mpaka anakagula malaya oyera mbee.

Tsono m'mawa mwake kunatulukira mlongo wake, Velonika, kuchokera kwawo. "Achimwene, ife tikupha mbuzi. Mwini mbumba ndinu, chiwindi chikudikira inu."

Munthu wanzeru akanasankha kumodzi. Koma Fulujensio anayamba kuzungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Kulowa m'nyumba, kutuluka, kukhala pampando, kudzukanso.

"Mayi a kunyumba, mpunga muutereka nthawi yanji?"

"Tikabwera kutchalitchi. Mukufunsiranji?"

"Ayi, ndangofunsa."

"Ndakuonanitu," anatero Anambewe. "Musayerekeze kupita kwanu. Mukandichititsa manyazi pamaso pa amalume, ine sindidzakunenereraninso."

Iye anavomera ndi mutu, koma mumtima anali atapanga kale nzeru zake. Pamwamba pa phiri lija panali mapanga awiri obisalamo abusa a mbuzi. Lina linayang'ana kumudzi wa mkazi wake, linalo kumudzi wa amayi ake, ndipo pakati pake panali thanthwe loyera, lopanda ngakhale mtengo umodzi. Fulujensio anati: "Ndikakhala pamenepo n'kumayang'ana utsi. Kumene utsi uyambe kuzilala, ndiye kuti zapsa. Ndikadya kumeneko msangamsanga, kenako ndithamangira kwinako."

Tsiku la Khirisimasi, atatuluka m'tchalitchi anazemba, ulendo wa kuphiri, malaya ali mbee. Analowa m'phanga loyamba, n'kuyang'ana kwa mkazi wake. Utsi unali tolotolo.

"Apa tambala angomutereka kumene," anatero. "Ndikaone mbuzi."

Anadutsa pathanthwe, n'kulowa m'phanga lachiwiri. Kwa amayi akenso utsi tolotolo. Anakhala pansi, koma sanathe ngakhale kupuma kawiri. "Nanga kuja utazilala ine ndili kuno?" Liwiro kubwerera.

Chimene anaiwala wopusa ameneyu n'choti mwezi wa Disembala nkhuni zimakhala zonyowa. Zimafuka poyatsa, zimafuka pophika, zimafukabe anthu atatsuka kale mbale. Mayi aliyense akanamuuza zimenezi, koma kodi anafunsa ndani?

Kenako mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Akanangokhala m'phanga limodzi sakananyowa ngakhale phewa. Koma ayi! Akakhala uku, mtima uli uko. Anadutsa pathanthwe paja kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, madzi akulowa m'khosi n'kutulukira kumiyendo. Ulendo wina anaterereka n'kugwa chagada m'matope ofiira. Nsapato imodzi inapita ndi madzi iye akuiona. Midzi yonse iwiri inabisika m'mvula, koma iye ankathamangabe kukasuzumira.

Mvula itakata anamva anthu akuyimba kwa amayi ake. Anadziwa kuti adya kale, chifukwa munthu wanjala sayimba chotero. Anatsetsereka phiri ngati mwala.

Anapeza abale ake atayala mphasa pakhonde, ena akutokosa m'mano, ena akusinza. Agalu ankalimbirana mafupa kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene!" anakuwa Velonika. "Mwatani kodi? Ife timayesa mukudya kwa alamu. Chiwindi tagawira ana."

"Palibe ngakhale kamsuzi?"

"Miphika tatsuka kalekale. Motowo tikuphitsira madzi osamba."

Fulujensio sanakhalenso pansi. Anakweranso phiri, phazi lina lili ndi nsapato, lina lopanda. Anafika kwa mkazi wake dzuwa litapendeka, akunjenjemera, mano akugundana.

Pamudzi panali ziii. Ana anagona pamphasa mimba zili pamtunda. Amalume a Anambewe anali pampando wa ndalema, chipewa chitaphimba kumaso. Pambali pawo, pakhonde lalikulu lija, panakhala Dizimasi, mkamwini wa dzana lomweli, wokwatira mng'ono wa Anambewe. Milomo yake inali noninoni ndi mafuta.

Anambewe anatuluka m'khitchini, maso ali psuu. Anali atalira, ndipo zinamupweteka Fulujensio kuposa njala.

"Tinakudikirani mpaka mpunga unazizira," anatero. "Amayi anatuma anthu kudimba, kuchigayo, konsekonse. Kenako amalume anati nthutumba siyidikira munthu. Adya a Dizimasi."

Dizimasi anatsokomola pang'ono, n'kuyang'ana kumbali.

"Ine... ine mvula inanditsekereza kuphiri," anatero Fulujensio. "Ndinabisala kuphanga."

Amalume anakweza chipewa pang'onopang'ono. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato lija, madzi akuchuchabe m'malaya amene tsopano anali ofiira.

"Mwati kuphanga, akamwini? Ine mbuzi ndawetera m'phiri limeneli kuyambira ndili mwana. Phanga lodontha chonchi ndi liti?"

Fulujensio anaweramitsa mutu. "Silidontha ayi, amalume. Kungoti... analipo awiri."

Khonde lonse linafa nacho chiseko, mpaka ana anadzuka. Amene sanaseke ndi Anambewe okha. Amalume anabwezera chipewa kumaso, n'kutambasula miyendo, ndipo mawu anatulukira pansi pa chipewacho:

"Mpatseni bulangete mwana wa eni akeyu. Mapanga awiri avumbwitsa."